Mbuzi za Kabatani Zalowa M'thumba

KOMITI YOONA ZA MASEWERO A ANA PA TSIKU LA ALENDO
Msonkhano wadzidzidzi

Tsiku: Lachisanu, pa 9 Meyi
Malo: Chipinda cha ana, pafupi ndi holo yochezera akaidi
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Amene analipo: Wapampando, Mlembi, a Kalipentala, a Nesi, Mayi Telala, ndi a Ofisala oimira akuluakulu a ndende.
Opepesa: Msungichuma, mwana wawo akudwala.
Osabwera popanda mawu: Wachiwiri kwa Wapampando, monga mwa masiku onse.

1. KUTSEGULIRA MSONKHANO

Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi ndipo anathokoza onse pobwera ngakhale uthenga unafika mochedwa. Anapepesa kuti tikhala pa timipando ta ana chifukwa mabenchi a mu holo ndi okhomera pansi. A Kalipentala anati iwo aimirira, popeza timipandoto anakhoma ndi iwo ndipo akudziwa kuti sanatikhomere anthu a mimba ngati yawo. Palibe anaseka. Wapampando anati mawa ndi tsiku la alendo ndipo nkhani imene tabwerera siingagone.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWU

Wapampando anati tidzaziwerenga tsiku lina. Mlembi anavomera, koma anapempha kukumbutsa mfundo imodzi yokha: kuti komiti inagwirizana kuika chikwangwani cha OSAKHUDZA pa shelefu ya pamwamba, ndipo ntchitoyo inaperekedwa kwa Wachiwiri kwa Wapampando. Chikwangwanicho mpaka lero kulibe. Wapampando anati ino si nthawi yolozana zala. Mlembi anati sakuloza munthu, akungowerenga zimene zinalembedwa.

3. MMENE TIMACHITIRA M'CHIPINDA CHINO

Wapampando anati popeza zolembedwazi zikafikanso kwa akuluakulu amene sanalowepo muno, Mlembi afotokoze mwachidule kagwiridwe kathu ka ntchito. Mlembi akufotokoza motere.

Ana amene amabwera kudzaona makolo awo nthawi zambiri amasowa chonena. Bambo amafunsa za kusukulu, mwana amati zili bwino, kenako onse amayang'ana pansi mpaka belu kulira. N'chifukwa chake komiti inaika masewero a anthu awiri pa matebulo a m'chipinda chino. Madayisi ndi makadi a Ofisala anakana kalekale, ati zimanunkha njuga, choncho onse ndi masewero ofuna kuganiza: atatu pamzere kwa ana ang'onoang'ono, drafuti kwa okulirapo, ndi Fisi ndi Mbuzi kwa apakatikati. Pa Fisi ndi Mbuzi, mmodzi amayendetsa fisi, mnzake gulu la mbuzi. Fisi amadya mbuzi poidumpha. Mbuzi sizidya kanthu, koma zikamuzinga fisi mpaka kusowa poponda, zapambana ndipo masewero atha. Mbuzi ndi zitsekerero za mabotolo zapulasitiki, fisi ndi kamtengo kopaka utoto wakuda.

Belu likalira masewero asanathe, sitiphwasula. Thabwa la masewerowo timalinyamula mmene liliri, n'kuliika pa shelefu ya pamwamba, dzina la mwana litalembedwa ndi choko m'mphepete. A Kalipentala anaboola timaenje pa matabwa onse kuti zitsekerero zisamasunthe ponyamula. Tinayamba zimenezi titaona kuti mwana wolira potsanzikana amatonthola msanga ukamuuza kuti masewero ake akumudikira, adzapitiriza ulendo winawo.

4. ZIMENE ZINACHITIKA LACHINAYI

Wapampando anapempha Mayi Telala kuti afotokoze okha. Mayi Telala, amene analowa mu komiti posachedwapa ndipo Loweruka amakhala ku shopu kwawo, anati sanaonepo tsiku la alendo ngakhale kamodzi. Anati kwa milungu ingapo akhala akusoka timatumba ta zingwe kuchokera ku zidutswa za nsalu, kuti masewero alionse akhale ndi thumba lake. Dzulo anabwera nato. Anapeza matabwa pa shelefu ali fumbi lokhalokha, zitsekerero zili mbwee. Anatsitsa onse, n'kusankhula zitsekerero mwa mtundu wake, n'kuzitsuka, n'kuzimanga m'matumba. Matabwa anawapukuta ndi nsalu yonyowa.

A Kalipentala anafunsa kuti, "Ndi mayina omwe mwapukuta, amayi?" Mayi Telala anati iwo ankaona ngati ana anangolembalemba.

Atamaliza anajambula chithunzi n'kutumiza pa foni kwa komiti yonse. Mlembi ndiye anayamba kuchiona, ali pamzere mu shopu. Chithunzicho n'chokongola, koma chinajambulidwa ntchito itatha, choncho sichingatithandize.

Mayi Telala anati, "Ine ndimati ndikuthandiza. Akanandiuza munthu mmodzi yekha, sindikanagwira ngakhale chimodzi." A Nesi anati zimenezo n'zoona, ndipo wolakwa ndi komiti yonse imene imalandira munthu watsopano ndi tiyi koma osamuonetsa shelefu. Mfundoyi inavomerezedwa.

Wapampando anati mabanja ambiri angodandaula pang'ono n'kuyamba masewero ena. Anatchula mnyamata wina wa drafuti amene bambo ake anali atamupanikiza, amene mwina adzatithokoza. Anati vuto ndi thabwa limodzi.

5. NKHANI YA KABATANI

A Nesi, amene amakhala m'chipinda chino tsiku la alendo lililonse, anafotokoza motere. Kabatani ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anapatsidwa muno, tsiku limene mbuzi yake imodzi inasowa ndipo iye anadula batani pa diresi lake la kusukulu n'kuliika m'malo mwake. Bambo ake ali mkati muno, ndipo mlandu wawo komiti siifunsa. Mayi ake anachoka kalekale. Amene amamulera ndi azakhali ake, mlongo wa bambowo, amene amagulitsa zovala pamsika, ali ndi ana awoawo, ndipo amakwera minibasi ziwiri kuti afike kuno. Loweruka ndiye tsiku la malonda.

A Nesi anati miyezi ingapo yapitayo belu litalira, azakhaliwo anauza mchimwene wawo kuti ulendo umenewo unali womaliza, iwo sangathenso. Mwana anagwira mwendo wa tebulo ndi manja onse awiri, osalira, kungogwira. A Ofisala anavomera kuti analipo ndipo analephera kumuchotsa. Pamapeto pake azakhali anati, "Chabwino. Tizibwera mpaka masewero akowo athe. Akatha, basi, usadzandivutenso." Mwanayo anasiya tebulo.

Kuyambira tsiku limenelo masewerowo sanathe. Mwana amayang'ana thabwa nthawi yaitali, n'kusuntha mbuzi imodzi. Bambo amabweza fisi kumene anachokera. Kenako amacheza, belu n'kulira. Azakhali amakhala pa benchi la pakhomo, chikwama pamiyendo, ndipo potuluka amasuzumira pa thabwa n'kufunsa kuti, "Sanathebe?" A Nesi anati iwo amayankha kuti sanathe, ndipo yankho limeneli lakhala loona nthawi zonse mpaka dzulo.

A Nesi anati mantha awo ndi akuti azakhali akaona thabwa loyera adzati masewero atha, ndipo mwanayo sadzaonanso bambo ake mpaka atatuluka, pamene adzakhala mtsikana wamkulu.

Wapampando anati azakhaliwo ndi mayi wouma mtima, munthu sungapange pangano lotere ndi mwana. A Nesi anakana. Anati mayiyo tsiku lina anagona tulo pa benchi atakhala tsonga, ndipo nsapato zake ndi zomatamata pamene mwana amabwera ndi zabwino. Mlembi anafunsa ngati mawu oti wouma mtima alembedwe. Wapampando anati awabweza. Mlembi walemba kuti anawabweza.

Pa nthawiyi a Kalipentala anatsegula thumba la Fisi ndi Mbuzi ndipo anati batani mulibe. Mayi Telala anati analiona ngati lotayika ndipo analiponya m'kachitini kawo ka mabatani. Anakhuthula kachitiniko pa tebulo. Panapezeka mabatani angapo abuluu ofanana. A Nesi anawatembenuza limodzi ndi limodzi, n'kusankha lina lokhala ndi kaulusi koyera, koma anati sangalumbire. Mayi Telala anatuluka panja pang'ono, ndipo anabwerera maso ali ofiira.

6. MAGANIZO A MAMEMBALA

(a) Kuimbira foni azakhali. Wapampando anaimba pa nambala imene ili ku ofesi. Foni inali yozimitsa. A Nesi anati zachita bwino, chifukwa akanayankha palibe amene akudziwa chimene tikananena.

(b) Kuti wina azibweretsa mwanayo. Mayi Telala anati iwo ndi okonzeka kutseka shopu Loweruka n'kumakamutenga mwanayo okha. A Ofisala anati mwana amalowa ndi wachibale yekhayo amene analembetsa. Kuti wina aloledwe pafunika pempho la bambo, chilolezo cha azakhali ndi siginecha ya mkulu wa ndende, ndipo zimenezo si za mawa. Anati aziyambitsa Lolemba koma salonjeza kanthu.

(c) Kubwezeretsa zitsekerero mmene zinalili. Wapampando anati tonse taliona thabwalo kambirimbiri, tingathe kulikumbukira. Linaikidwa pa tebulo. A Kalipentala anati fisi anali pakona. A Nesi anati anali chapakati, kumbali ya mwana. A Ofisala anati iwo ntchito yawo n'kuyang'ana manja a anthu, osati zitsekerero. Wapampando anati akukumbukira bwino kuti mbuzi zinali zofiira. Mlembi anawakumbutsa kuti zofiira ndi za drafuti.

A Kalipentala anaika zitsekerero mmene akukumbukirira. Tonse titayang'anitsitsa tinapeza kuti fisi wawo alibe poponda, kutanthauza kuti masewero tawathetsa ndi manja athu. A Nesi anayesa zawo, ndipo fisi akanadya mbuzi zotsatizana mpaka mwana kugonja. A Kalipentala anati, "Mwana ameneyu mukufuna alire kawiri?" A Nesi anayankha kuti, "Bola zanga akusewerabe, zanuzo wapita kale kunyumba." Wapampando anamenya tebulo ndipo zitsekerero zinadumpha m'maenje.

Wapampando anati tingoika mwanjira iliyonse yooneka bwino, mwana wa zaka zimenezo sangazindikire, ndipo tidzamuuza kuti thabwa lake silinakhudzidwe. Mlembi anati sangalembe kuti komiti yagwirizana kunamiza mwana. Wapampando anati, "Ndiye musalembe." Mlembi anati munamusankha kuti azilemba, ndipo ngati mukufuna mlembi wosalemba alipo kale Wachiwiri kwa Wapampando. Wapampando anati mawu amenewo ndi achipongwe. Mlembi akuvomera kuti anali achipongwe, koma sanawabweze.

(d) Kufunsa bambo a mwana. A Ofisala anati munthu amene wakhala maso pa thabwalo miyezi yonseyi ali pafupi pomwepa, kuseri kwa zitseko ziwiri. Anati malamulo salola kumubweretsa ku msonkhano, koma iwo angapite kukamufunsa ndi kujambula pa pepala mmene anenere. Onse anavomera ndipo mitima inakhalako pansi.

Msonkhano unaima kudikira a Ofisala. Palibe anatuluka. Wapampando ndi a Kalipentala anasewera atatu pamzere mwakachetechete, ndipo Wapampando anagonja maulendo onse.

7. YANKHO LA BAMBO A KABATANI

A Ofisala anabwerera pepala lili loyera. Anakana kukhala pansi, anavula chipewa, ndipo anati anena mmene anamvera. Mlembi walemba mawu a bambowo monga a Ofisala anawabwerezera.

"Bwana, ine thabwalo sindilidziwa. Ndimangokankha fisi uku ndi uku, maso ali pa mwana. Mukandifunsa dzino limene laguluka, kapena chilonda cha pa bondo ngati chapola, ndikuuzani. Koma zitsekerero ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti anandizinga kalekale. Panatsala khomo limodzi, ndipo mbuzi ya batani ija imaima pambali pake osalowa. Mwanayo ndiye akudziwa chilichonse pamene chinali, amati amaziyala m'mutu akamagona. Mukamunamiza adzazindikira asanakhale n'komwe pansi, ndipo sadzakhulupiriranso munthu m'chipinda chimenecho."

A Ofisala anati anawafunsa kuti nanga tichite chiyani. Bambowo anati: "Mlongo wanga watopa, ndipo ine ndilibe pakamwa pomudzudzulira. Amene ndinamusenzetsa katunduyu ndine. Ngati masewero atha, athe. Chimodzi chokha ndikupempha, mwana asamve ngati walakwa ndi iye."

A Ofisala anati pa zaka zonse zimene agwira ntchito muno sanazolowere kutumidwa ndi mkaidi, koma uthenga uwu aubweretsa wonse osachotsapo kanthu. Wapampando anati maganizo awo a pa 6(c) awachotsa. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo kwa kanthawi msonkhano unalibe woutsogolera.

8. ZIMENE KOMITI YAGWIRIZANA

Mayi Telala anati mawa satsegula shopu. Adzabwera, adzagwada pamaso pa mwanayo, n'kumuuza kuti amene anaphwasula ndi iwo, osati bambo ake, osati iye. A Nesi anati akatero amupatse thumbalo m'manja kuti abwezeretse yekha mbuzi zake. Onse anavomera.

A Kalipentala anafunsa kuti nanga mwanayo akaziika mosiyana ndi mmene zinalili? Anati iwo akanakhala Kabatani akanabweza mbuzi zonse kumbuyo kwenikweni, fisi n'kumupatsa bwalo lonse, kuti masewero atenge chaka china. Anati azakhali si munthu wopusa, akhala akusuzumira pa thabwalo ulendo uliwonse, ndipo adzatifunsa ife akuluakulu ngati zinalidi choncho.

Wapampando anafunsa mamembala mmodzimmodzi ngati alipo amene angaime n'kunena motsimikiza mmene zitsekerero zinalili. A Kalipentala anati ayi. A Nesi anati ayi. A Ofisala anati ayi. Mayi Telala anati anazigwira zonse koma sanaone kanthu. Wapampando anatembenukira kwa Mlembi n'kufunsa ngati pamenepa pali bodza limene likumuletsa kulemba. Mlembi anaganiza, ndipo anati palibe.

Choncho komiti yagwirizana kuti mmene Kabatani adzaikire mbuzi zake mawa, ndi mmene zinalili. Membala aliyense akafunsidwa adzayankha kuti amene akudziwa ndi mwana. Palibe adzakonze, kuloza kapena kutsokomola.

A Nesi anafunsa kuti nanga azakhali akangoima pakhomo, n'kuona thabwa loyera, n'kunena pomwepo kuti zatha, mwana asanagwire n'komwe thumba? Wapampando anati wina akawachingamire ku geti, awauze zoona zonse asanalowe, ndi kuwapempha chinthu chimodzi chokha, kuti alole mwana akhale pa tebulo. Anati ntchitoyi ikufuna munthu wosadziwa kukometsera nkhani, ndipo onse anayang'ana Mlembi. Mlembi anavomera. Akupempha zilembedwe kuti ali ndi mantha, ndipo sakudziwa kuti akayambira pati.

9. ZINA NDI ZINA

A Nesi adzapepesa kwa mabanja ena onse pamene akulowa. Matumba a Mayi Telala asungidwa, azigwira ntchito pa masewero amene atha. A Ofisala anati mawa belu lili m'manja mwawo, ndipo wotchi ya mu holo imathamanga pang'ono, choncho adzayendera yawo. Panalibenso zina.

10. MSONKHANO WOTSATIRA

Mawa Loweruka, m'chipinda chomwechino, alendo akangotuluka.

11. KUTSEKA

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 4:40 madzulo. Thabwa la Kabatani lasiyidwa pa tebulo la pawindo lopanda kanthu, thumba lili pambali pake, chingwe chosamanga.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________